Kuwerenga ndi kumvetsera: momwe wodwazika matenda kumudzi adalowera m'kafukufuku wa zaumoyo

Kaundula wa odwala pachipatala chaching'ono ali ndi malo olembapo dzina la wodwala, zaka zake, mudzi, matenda ndi mankhwala amene walandira. Alibe malo a munthu amene wamubweretsa pa njinga, amene akagone pansi m'wodi akatumizidwa ku chipatala cha boma, akaphike phala kuchitando, ndipo akatulutsidwa apitirize kumusambitsa ndi kumutembenuza kunyumba. Ogwira ntchito m'zipatala amamutchula kuti gadiyani, kumudzi amati wodwazika matenda. Gawo lalikulu la chisamaliro cha odwala m'midzi lili m'manja mwa munthu ameneyu, koma padatenga zaka zambiri kuti ochita kafukufuku apeze njira yomuonera bwino. Vuto lidali lakuti luso lowerenga anthu ndi luso lokhala nawo pansi n'kumvetsera adali m'manja mwa akatswiri osiyana, ndipo kawirikawiri akatswiriwo sankakhulupirirana.

Kuyesa koyambirira kophatikiza maluso awiriwa m'dziko muno kudachitika m'boma la Nkhotakota mu 1938 ndi 1939. Boma la Britain linkafuna kudziwa za kadyedwe ka anthu m'maiko omwe linkalamulira, ndipo lidasankha Nyasaland kuti kuchitike kafukufuku wachitsanzo. Mtsogoleri wake adali Dr Benjamin Platt, yemwe adagwirapo ntchito yofufuza matenda a beriberi ku Shanghai. M'gulu lake mudali dokotala, mlangizi wa zaulimi Richard Kettlewell, Jessie Barker yemwe ankalemba za zakudya ndi ndiwo zamasamba, komanso Margaret Read, katswiri wa chikhalidwe cha anthu amene adaphunzira kwa Bronislaw Malinowski ku London ndipo adali atakhala kale pakati pa Angoni. Adasankha midzi itatu: wa Angoni kumapiri, wa Achewa m'munsi mwa mapiri, ndi wa Ayao m'mphepete mwa nyanja. Ankayeza ufa ndi ndiwo pa sikelo, kuyeza minda, kupima matupi a anthu ndi kulemba ntchito imene munthu aliyense wagwira pa tsiku.

Kafukufukuyu sadali wa odwala ndi owadwazika, koma funso lake lidali pafupi kwambiri: pakhomo pano akudyetsa ena ndani, ndipo chimachitika n'chiyani munthuyo akachepa mphamvu kapena mwamuna wake akapita ku Joni kapena ku Salisbury? Sikelo inkatha kuonetsa kuti chakudya chimachepa m'miyezi ya dzinja, nthawi yomwe ntchito ya kumunda yafika pachimake. Sinkatha kufotokoza chifukwa chimene banja lina limalandira ufa kwa abale pomwe lina likugona ndi njala. Yankho la funso limeneli lidali kwa Read, amene ankadziwa kusiyana kwa mudzi wa chikamwini ndi mudzi wolowola, komanso amene ali ndi udindo pa mwana wa yani. Koma Platt ndi Read sadamvane. Platt ankafuna mfundo zolowa m'matebulo, pomwe Read ankaona kuti zomwe iye wapeza sizingadulidwe motero. Lipoti lomwe Platt adalemba mu 1940 silidasindikizidwe, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba kale, ndipo zambiri za Read sizidalumikizidwe ndi ziwerengerozo. Mapepala a kafukufukuyu adadzatuluka ngati buku mu 1992, patapita zaka zoposa 50, ndipo mu 2002 wolemba mbiri Cynthia Brantley adafotokoza za mkangano wa awiriwa m'buku lotchedwa Feeding Families. Akatswiri onse ofunikira adalipo, m'midzi imodzimodziyo, chaka chimodzimodzicho, koma ntchito yawo sidakumane.

Zidayenda mosiyana ku Pholela, m'munsi mwa mapiri a Drakensberg ku Natal m'dziko la South Africa. Mu 1940 boma lidatumiza madokotala awiri achinyamata, Sidney Kark ndi mkazi wake Emily, kukatsegula chipatala chaching'ono pakati pa Azulu. Adagwira ntchito limodzi ndi Edward Jali, wothandiza dokotala, ndi mkazi wake Amelia, yemwe adali namwino. A Kark adali ataphunzirako za chikhalidwe cha anthu pa yunivesite ya Witwatersrand, ndipo sadafune kukhala pachipatala n'kumadikira odwala. Mu 1942 adasankha dera la mabanja 130 n'kuyamba kuwayendera khomo ndi khomo. Achinyamata a komweko, ataphunzitsidwa, ankawerenga anthu chaka chilichonse, kulemba obadwa ndi omwalira, kuona madimba, zimbudzi ndi madzi akumwa, komanso kucheza ndi eni nyumba. Deralo lidakula chaka ndi chaka.

Chinthu chatsopano kwenikweni chidali fayilo ya banja. M'malo mosunga khadi la munthu mmodzi payekha, chipatalacho chinkasunga zolemba za anthu onse a pakhomo limodzi pamalo amodzi, pamodzi ndi zomwe oyendera m'makomo aona. Dokotala akamaona mwana wonyentchera ankaonanso kuti bambo wake ali ku migodi, mayi ake ali ndi chifuwa chachikulu, ndipo amene akuphikira mwanayo ndi agogo. Pamisonkhano ya ogwira ntchito, dokotala, namwino ndi woyendera m'makomo ankakambirana banja limodzi, aliyense akunena zomwe akudziwa. Apa ndi pamene womusamalira wodwala adaonekera m'zolemba za chipatala, ngakhale kuti nthawi imeneyo padalibe dzina lapadera lomutchulira.

John Cassel, amene adadzatsogolera chipatalachi pambuyo pa a Kark, adalemba mu 1955 nkhani ya mkaka, yomwe imaonetsa bwino phindu la njira imeneyi. Ziwerengero zinkasonyeza kuti amayi oyembekezera ndi oyamwitsa ndi operewera zakudya m'thupi, ndipo malangizo oti azimwa mkaka sankatsatidwa ngakhale m'mabanja okhala ndi ng'ombe. Kucheza ndi anthu ndi kumene kudaulula chifukwa chake: mkaka wa ng'ombe za pakhomo udali wa anthu a mtundu wa mwini khola, ndipo mkazi wokwatiwa, pokhala wobwera, sankaloledwa kumwa mkaka wa kwa apongozi ake. Lamuloli silinkakhudza mkaka wa ufa, chifukwa sudachokere m'khola la munthu aliyense wodziwika. Chipatalacho chidayamba kugawa mkaka wa ufa ndipo amayi adaulandira. Pakati pa 1942 ndi 1950 imfa za makanda m'deralo zidatsika kuchoka pa 275 kufika pafupifupi 100 mwa ana 1,000 obadwa amoyo. Komiti ya Gluckman, yomwe idapereka lipoti lake mu 1944, idati zipatala zotere zimangidwe m'dziko lonselo, ndipo zoposa 40 zidatsegulidwa. Boma la tsankho lomwe lidalowa mu 1948 silidazikonde. Pofika 1960 zambiri zidali zitatsekedwa kapena kusandutsidwa malo ongoperekera mankhwala, ndipo a Kark adali atasamukira ku Jerusalem.

Kuyeza mavuto a wodwazika matenda payekha kudayambira kumaiko a azungu, ndipo kudayamba chifukwa cha kusintha kwa ndondomeko za zipatala za amisala. Pamene dziko la Britain lidayamba kutulutsa odwala m'zipatalazi kuti azikakhala kwawo, Jacqueline Grad ndi Peter Sainsbury adafunsa mabanja a ku Chichester ndi ku Salisbury ya ku England momwe zimenezi zikukhudzira ntchito, ndalama ndi thanzi lawo, ndipo adasindikiza zotsatira zoyamba mu 1963. Mu 1980 Steven Zarit ndi anzake ku America adakonza mafunso 29, omwe pambuyo pake adatsala 22, oyezera chipsinjo cha osamalira okalamba odwala matenda oiwalaiwala. Chomwe adapeza chidadabwitsa ambiri: kukula kwa chipsinjo sikunkayenderana ndi kukula kwa matenda, koma ndi kuchuluka kwa abale obwera kudzazonda. Mafunso a Zarit adamasuliridwa m'zilankhulo zambiri ndipo akugwirabe ntchito mpaka lero. Komabe adalembedwera banja la munthu mmodzi wosamalira mnzake m'nyumba ya m'tauni. Limodzi mwa mafunsowo limafuna kudziwa ngati wosamalirayo akusowa nthawi yochita zofuna zake. Mayi wa ku Ntchisi amene akudwazika mwana wake mu Disembala, munda uli wosapalira, angayankhe funsoli, koma yankho lake silinena kanthu za chimanga chomwe sadzakolola.

Dzina la njira yophatikizayi lidabwera mochedwa kuposa ntchito yake. Mu 1959 Donald Campbell ndi Donald Fiske adalemba kuti chinthu chikayezedwa ndi njira imodzi yokha, palibe angasiyanitse zomwe zilidi m'chinthucho ndi zomwe zabwera ndi njirayo. Norman Denzin adakulitsa ganizoli mu 1970, ndipo mu 1989 Jennifer Greene ndi anzake adaunika makafukufuku 57 n'kupeza zifukwa zisanu zimene anthu amaphatikizira njira. Chimodzi mwa zifukwazo chidali kufunafuna dala malo omwe njira ziwiri zikutsutsana. Magazini ya Journal of Mixed Methods Research idayamba mu 2007. Chaka chotsatira Alicia O'Cathain ndi anzake, ataunika makafukufuku a zaumoyo ku England, adapeza kuti ambiri ankatolera ziwerengero ndi zokambirana zomwe, koma polemba lipoti mbali ziwirizi ankazisiya chilichonse pachokha. Nthenda ya ku Nkhotakota idali isadathe.

Mu Africa muno, chomwe chidakakamiza ochita kafukufuku kuyang'ana wodwazika matenda ndi Edzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mawodi adadzaza, mankhwala padalibe, ndipo maboma pamodzi ndi mabungwe adayamba kulimbikitsa kuti odwala azisamalidwa kumudzi. Ndondomekoyi idatsamira pa chikhulupiriro chakuti banja la chifirika ndi lalikulu ndipo silitaya munthu wake. Palibe amene adali atayesa kuona ngati zilidi choncho. Ku Kyamulibwa, komwe nthawi imeneyo kudali m'boma la Masaka ku Uganda, bungwe la Medical Research Council lidayamba mu 1989 kutsata anthu pafupifupi 10,000 m'midzi 15, kuwayeza magazi chaka ndi chaka. Ziwerengero zidaonetsa kuti akuluakulu pafupifupi 8 mwa 100 alionse adali ndi kachilombo ka HIV. Pambali pa ntchitoyi, Janet Seeley ndi anzake adatsata odwala Edzi 30, amayi 17 ndi abambo 13, pogwiritsa ntchito zomwe aphungu ankaona akapita kukawayendera kunyumba. Zotsatira zomwe zidatuluka mu 1993 zidati mwa odwala 27 chisamaliro chidali chopereweza, chifukwa cha kusowa kwa chakudya, ndalama zogulira mankhwala ndi nthawi. Odwala 17 adamwalira kafukufuku ali mkati, ndipo kwa asanu ndi awiri mwa iwo abale ena adapemphedwa kuthandiza koma adakana. Komabe pafupifupi m'mabanja onsewo abalewo adabwera ndi thandizo pa tsiku la maliro. Maliro n'kulirana, koma kudwazika kudagwera munthu mmodzi kapena awiri, makamaka amayi.

Chiwerengero cha 30 n'chochepa, ndipo pachokha sichikadamveka patali. Mphamvu yake idali yakuti mabanjawo adali mkati mwa dera lomwe anthu onse adawerengedwa, kotero kuti wowerenga ankatha kudziwa kuti akuimira mbali iti ya anthu a kumeneko. Seeley adatsatanso mabanja 27 kwa chaka chathunthu mu 1991 ndi 1992, ndipo adabwereranso kwa mabanja omwewo mu 2006 ndi 2007, chinthu chomwe chidatheka chifukwa kalembera wa chaka ndi chaka adali asadawataye.

M'Malawi, momwe wodwala Edzi woyamba adapezeka mu 1985, ntchito yofanana nayo idayamba mu 1998 m'maboma a Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Kafukufuku wa Malawi Diffusion and Ideational Change Project, wotsogoleredwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Pennsylvania mogwirizana ndi a University of Malawi, adafunsa amayi pafupifupi 1,500 ndi amuna awo oposa 1,000, ndipo adabwereranso kwa anthu omwewo mu 2001, 2004 ndi zaka zotsatira. Popeza mwamuna ndi mkazi ankafunsidwa padera, padaoneka chinthu chofunika kwa aliyense wofuna kufunsa wodwala ndi womusamalira. Kate Miller, Eliya Zulu ndi Susan Watkins adaonetsa mu 2001 kuti anthu awiri a nyumba imodzi amayankha mosiyana ngakhale pa zinthu zooneka ndi maso, monga katundu ndi ziweto za pakhomo, ndipo akasiyana, kawirikawiri mwamuna ndiye amati chilipo pomwe mkazi akuti palibe. Aliyense ankayankha molingana ndi momwe akuganizira za mlendo wa mapepalayo ndi zomwe angabweretse. Ngati zili choncho pa mbuzi ndi njinga, ndiye n'kosayembekezeka kuti wodwala ndi womudwazika anganene zofanana pa za ululu, chakudya kapena ndalama zomwe zapita kuchipatala.

Watkins adaona kuti mafunso a papepala sakutulutsa zomwe anthu amakambirana okhaokha. Mu 1999 adapempha ena mwa ofunsa mafunso, anthu a m'midzi momwemo omwe adafika ku sekondale, kuti azimvetsera nkhani za Edzi zomwe zikukambidwa pachitsime, pamaliro, m'minibasi, pa bawo ndi pamowa, kenako madzulo azikazilemba m'makope a sukulu. Sankafunsa munthu mafunso ndipo sankanyamula chojambulira mawu. Ankalemba m'Chingerezi ndipo ankalipidwa madola 30 a ku America pa kope lililonse lodzaza. Makopewo adapitirira 1,000. Adaonetsa kuti pa nthawi yomwe mabungwe ankati anthu akumudzi ali chete pa za Edzi, anthuwo ankaikamba tsiku ndi tsiku: ankaunika mbiri ya womwalira, kukumbutsana amene adayenda naye, kutsutsana ngati ndi kanyera, tsempho kapena matenda a masiku ano, ndiponso kuyamikira kapena kudzudzula momwe abale amusamalira.

Njirayi ili ndi mbali yovuta imene makomiti oona za ufulu wa anthu pa kafukufuku sangailambalale. Anthu olembedwa m'makopewo sadapemphedwe chilolezo ndipo sankadziwa kuti mnzawo akupita kukalemba. Maina adasinthidwa makopewo asadaperekedwe kwa ena, koma m'mudzi munthu amadziwika ndi nkhani yake ngakhale dzina litabisidwa. Palinso funso la malipiro: wolemba amene akudziwa kuti kope limagulidwa likakhala ndi nkhani za Edzi akhoza kumamva Edzi paliponse. Eni kafukufukuyu adavomereza okha zofooka zimenezi polemba za njira yawo mu 2009.

Kafukufuku wolunjika pa odwazika matenda adatuluka mu 2004, wolembedwa ndi Angela Chimwaza wa ku Kamuzu College of Nursing pamodzi ndi Watkins. Adacheza mozama ndi anthu 15 omwe ankasamalira odwala okhala ndi zizindikiro za Edzi m'midzi ya m'Malawi, n'kuika zokambiranazo pambali pa ziwerengero za kafukufuku wamkulu uja. Osamalirawo adali amayi apachibale chapafupi. Ankapewa kutchula kuti m'bale wawo akudwala Edzi, koma ankamusamalira mwachifundo ndi zochepa zomwe adali nazo, ndipo abale ndi anansi ankabwera kudzazonda, kuthandiza ntchito, nthawi zina ndi kandalama kochepa. Ambiri sadanene kuti ntchitoyi ndi chipsinjo, chifukwa wodwalayo adali mwana wawo, mchemwali wawo kapena mwamuna wawo.

Poyang'ana koyamba, zotsatirazi zikutsutsana ndi za ku Masaka. Mbali ina ya kusiyanako ingakhale ya malo ndi nthawi. Koma mbali yaikulu ikuoneka kuti ili m'njira: ku Uganda umboni udachokera kwa mlendo wobwera mobwerezabwereza n'kuona ngati m'nyumba muli chakudya ndi mankhwala, pomwe ku Malawi udachokera m'kamwa mwa wodwazika mwiniwake. Mayi amene wagulitsa nkhuku zonse ndi kusiya munda angathe kunena moona mtima kuti sakuona vuto, popeza kutcha mwana wako mtolo ndi mawu osatuluka pakamwa. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo wokonza ndondomeko amene wawerenga imodzi yokha adzalakwitsa: wina adzati mabanja atha mphamvu, wina adzati safuna thandizo.

Kubwera kwa ma ARV aulere mu 2004 kudasintha nkhani yonse. Ndondomeko ya Malawi idalimbikitsa kuti woyamba mankhwala abwere ndi gadiyani womuthandiza kukumbukira kumwa, ndipo dzina la gadiyaniyo lidapeza malo pa khadi la wodwala. Ku Karonga, komwe kafukufuku wa khate adayamba mu 1979 ndipo kalembera wa anthu pafupifupi 32,000 a dera la Chilumba adayamba mu 2002, Andreas Jahn ndi anzake adaonetsa mu 2008 kuti chipatala cha ma ARV chitatsegulidwa mu June 2005, imfa za akuluakulu zidatsika ndi 35 pa 100 kwa okhala pafupi ndi msewu waukulu, koma kwa okhala kutali kusinthako sikudaoneke. Chiwerengerochi chikuloza mtunda, ndipo mtunda m'mudzi umatanthauza ndalama ya ulendo wa anthu awiri, wodwala ndi womuperekeza, komanso tsiku la ganyu lomwe woperekezayo wataya.

Anthu ofunsidwawo nawonso ali ndi mbiri yawo ya kafukufuku. Crystal Biruk, amene adayenda ndi magulu a ofunsa mafunso m'midzi ya m'Malawi ndipo adatulutsa buku la Cooking Data mu 2018, adalemba za sopo amene ankaperekedwa ngati mphatso kwa oyankha. Kwa ochita kafukufuku sopoyo adali chithokozo choyenera chosakopa munthu. Kwa ambiri oyankha adali malipiro ochepa pa maola omwe ataya, ndipo ena ankafunsa chifukwa chimene magalimoto amabwera chaka ndi chaka kudzalemba mavuto omwewo. Kuphatikiza njira kumachulukitsa maola amenewa: mafunso a papepala lero, kucheza mozama mawa, zokambirana za pagulu sabata yamawa. Munthu amene ali ndi nthawi yochepa kuposa onse m'mudzimo ndi wodwazika matenda yemweyo.

Masiku ano odwala omwe akugonekedwa m'makomo asintha. Edzi ya m'ma 1990 inkatenga munthu patapita miyezi yowerengeka chigonekereni. Sitiroko, shuga, khansa ndi matenda oiwalaiwala zimatha zaka, ndipo wodwala sitiroko amene walephera kulankhula amayankhiridwa mafunso ndi womusamalira, kotero kuti mawu a anthu awiri amatuluka pakamwa pamodzi. Kafukufuku wa ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka uja, yemwe tsopano amatchedwa Malawi Longitudinal Study of Families and Health, mu 2012 adayamba kutsata mwapadera anthu oposa 1,200 a zaka 45 kupita m'tsogolo, kuwafunsa za ululu, nkhawa ndi luso lokumbukira zinthu, kenako n'kuwonjezera kuyeza kuthamanga kwa magazi. Ena mwa iwo ndi amayi omwe adafunsidwa koyamba mu 1998, pa nthawi yomwe midzi yawo inkadwazika ndi kuika ana ndi amuna awo.